Mkulu wa amisiri

Mawu achingerezi akuti architect amatanthauza katswiri wojambula mapulani a nyumba. Gwero lake ndi Chigiriki: arkhi ndi mkulu, pomwe tekton ndi mmisiri wa matabwa kapena womanga. Choncho poyamba ankanena mkulu wa amisiri.

Minard Lafever wa ku America, wobadwa mu 1798, anafikadi pa udindowu kudzera pa sowo ndi hamala. Anayamba ukalipentala, n'kudziphunzitsa yekha kujambula nyumba. Mu 1833 anatulutsa buku la The Modern Builder's Guide, momwe akalipentala anzake ankaonera kapangidwe ka zitseko ndi zipilala. Tchalitchi cha Holy Trinity ku Brooklyn anajambula ndi iye. Anamwalira mu 1854, sukulu yoyamba yophunzitsa ntchitoyi ku America isanatsegulidwe.