The Rolling Stones ndi khamu lawo: zaka zoposa 60 za "mwina kano nkomaliza"

Lero ndasiya kaye za mafumu ndi nkhondo. Ndikufuna tikambe za bandi ya ku England yotchedwa The Rolling Stones, makamaka za anthu amene akhala akuitsatira. Pophunzitsa mbiri timakonda kuyang'ana munthu amene ali pansanja, kaya ndi wandale, mkulu wa asilikali kapena woyimba. Koma khamu limene laima pansi nalonso lili ndi mbiri yake. Khamu la Stones lakhalapo nthawi yaitali ndithu, moti munthu angathe kuona mmene mtima wa omvera umasinthira pamene nyimbo zikadali zomwezo.

Zaka za kukuwa

Bandiyi inayimba koyamba pa 12 Julayi 1962 mu Marquee Club ku London. Mick Jagger ndi Keith Richards anali anyamata a ku Dartford a zaka 18. Brian Jones ndiye anali patsogolo, ndipo dzina la bandi analitenga ku nyimbo ya Muddy Waters, katswiri wa blues wa ku Chicago. Otsatira oyamba anali ochepa, achinyamata okonda nyimbo za anthu akuda a ku America, zimene zimbale zake zinali zosowa ku England. Bill Wyman analowa kumapeto kwa 1962, ndipo woyimba ng'oma Charlie Watts analowa mu Januwale 1963.

Chaka chomwecho cha 1963 anapeza manijala wa zaka 19, Andrew Loog Oldham. Iyeyu anaona kuti The Beatles ayamba kukondedwa ngakhale ndi makolo, choncho anaonetsa Stones ngati anyamata osamvera, a tsitsi lalitali, amene kholo silingalole kuti afike pakhomo kudzafunsira mwana wake. Nzeruyi inagwira. Kukonda Stones kunasanduka njira youzira makolo ndi aphunzitsi kuti "ndine munthu pandekha". Ife aphunzitsi a kusekondale timawudziwa bwino mtima umenewu, timakumana nawo m'kalasi tsiku ndi tsiku.

Mashoo a nthawi imeneyo sankatenga nthawi yaitali, ndipo kukuwa kwa atsikana kunkaposa mawu a magitala. Pa 24 Julayi 1964, mu Empress Ballroom ku Blackpool, zinthu zinafika poipa. Khamu linaswa piyano ndi magetsi a m'holomo, anthu ambiri anavulala, ndipo khonsolo ya tauniyo inaletsa bandiyi kuyimbakonso. Chiletsocho anachichotsa mu 2008, patapita zaka 44. Mu Epulo 1967 anakayimba ku Warsaw, m'dziko la Poland lomwe linali pansi pa chikomyunizimu, ndipo apolisi anabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi achinyamata amene anasowa matikiti. Mphepo imeneyi inafika mpaka kufupi ndi kwathu. Ku Copperbelt ku Zambia, woyimba wa bandi ya WITCH, Emmanuel Chanda, anatchuka ndi dzina loti Jagari, lochokera kwa Jagger, chifukwa cha kavinidwe kake pansanja.

Chaka cha 1969

Ndikanati ndikonze phunziro limodzi lokha pa bandiyi, ndikanasankha 1969, chifukwa m'miyezi isanu khamu linamva chisoni, chiyembekezo ndi mantha. Mu Juni Brian Jones anachoka m'bandi. Pa 3 Julayi anamupeza atafa m'dziwe losambira la pakhomo pake, ali ndi zaka 27. Patangopita masiku awiri, pa 5 Julayi, bandi inayimba mwaulere ku Hyde Park ku London pamaso pa anthu osachepera 250,000. Shoo imene inakonzedwa kuti aonetse woyimba gitala watsopano, Mick Taylor, inasanduka mwambo wolira mnzawo. Anaulutsa agulugufe oyera. Ngakhale magitala sanachunidwe bwino tsiku limenelo, limakumbukiridwa ngati tsiku la mtendere.

Pa 6 Disembala anayesanso shoo yaulere ku Altamont, ku California. Kunabwera anthu pafupifupi 300,000, nsanja inali yaifupi kwambiri, ndipo ntchito yoiteteza inali m'manja mwa gulu la njinga zamoto la Hells Angels. Ndewu zinachitika tsiku lonse. Bandi ili mkati moyimba, mnyamata wa zaka 18, Meredith Hunter, amene anatulutsa mfuti pa mkangano, anabayidwa ndi mmodzi wa gululi nkumwalira. Makamera anajambula zonsezi, ndipo zinaoneka mu filimu ya Gimme Shelter ya 1970. Kwa otsatira ambiri, apa mpamene anadziwa kuti khamu la achinyamata okonda nyimbo imodzi silikhala la mtendere nthawi zonse. Olemba mbiri ambiri amatenga Altamont ngati mathero a maloto a zaka za m'ma 1960.

Ndalama ndi ukalamba

Akulu amati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika, ndipo ambiri ankayembekeza kuti Stones atha msanga. The Beatles anapasuka mu 1970. Koma Stones anasamukira ku France mu 1971 pothawa misonkho ya kwawo, nkutulutsa chimbale cha Exile on Main St. mu 1972. Taylor atachoka kumapeto kwa 1974, Ronnie Wood anatenga malo ake mu 1975. Mashoo anachoka m'maholo nkupita m'mabwalo a mpira. Ulendo wa ku America wa 1981 unathandizidwa ndi kampani ya mafuta onunkhira ya Jovan, chinthu chomwe chinali chachilendo m'nyimbo za rock. Otsatira akale ena anakhumudwa: anyamata osamvera aja tsopano anali bizinesi.

Kenaka kunabwera chete. Kuyambira 1982 mpaka 1989 bandi sinayende ulendo ngakhale umodzi, chifukwa Jagger ndi Richards anayambana, aliyense nkuyamba zimbale zake. Ian Stewart, woyimba piyano amene anali nawo chiyambireni, anamwalira mu 1985. Atabwerera mu 1989 ndi ulendo wa Steel Wheels, manyuzipepala anawaseka kuti ndi nkhalamba zoyenera njinga za olumala. Jagger anali ndi zaka 46 zokha! Ankamukumbutsanso zimene ananena m'ma 1970, zoti sangafune kumayimbabe nyimbo ya Satisfaction akadzafika zaka 45. Kuyambira nthawi imeneyo, ulendo uliwonse anthu akhala akugula matikiti ndi mtima woti mwina kano nkomaliza. Mawu amenewa anenedwa mu 1989, mu 1994, mu 2002, mu 2012, ndipo ananenedwanso mu 2024.

Kumene anafika mochedwa

Pali khamu lina limene silinkadandaula za ukalamba, ndilo la maiko amene bandiyi inali isanafikeko. Mu Ogasiti 1990, miyezi yochepa boma la chikomyunizimu litagwa ku Czechoslovakia, Stones anayimba m'bwalo la Strahov ku Prague pamaso pa anthu pafupifupi 100,000, ndipo pulezidenti Václav Havel, yemwe anali mkaidi wandale chaka cha m'mbuyo mwake, anawalandira yekha. Kwa anthu amene ankamvera zimbalezi mobisa, kuona bandiyi pansanja kunali umboni wooneka ndi maso woti zinthu zasinthadi.

Mu Febuluwale 1995 anayimba masiku awiri ku Ellis Park ku Johannesburg. Pa nthawi ya tsankho oyimba ambiri akunja ankakana kukayimba ku South Africa, ndipo mashoo amenewa anabwera pasanathe chaka chichitikireni chisankho cha 1994. Mwezi womwewo anayimba koyamba ku Buenos Aires, kumene kuli achinyamata otchedwa rolingas amene kavalidwe ndi kametedwe kawo anatengera kwa bandiyi. Pa 18 Febuluwale 2006 anthu oposa miliyoni imodzi anasonkhana pagombe la Copacabana ku Rio de Janeiro pa shoo yaulere. Pa 25 Malichi 2016 anayimbanso mwaulere ku Havana, patangopita masiku ochepa pulezidenti Barack Obama atachezako, m'dziko limene m'ma 1960 boma linkadana ndi nyimbo za rock. Taonani kusiyana kwake. Nyimbo imene wa ku London ankati yatha fasho, wa ku Prague ndi wa ku Havana anali ataidikira zaka makumi angapo.

Zimene amakanganirana

Otsatira Stones sagwirizana pa zambiri, ndipo ine ndimaona mikangano yawo ngati umboni wabwino wa mbiri. Woyamba ndi wa nyengo. Ena amati bandi yeniyeni inali ya Brian Jones. Ena amati chimake chinali pakati pa 1969 ndi 1974, Mick Taylor alipo, pamene anatulutsa Sticky Fingers ndi Exile on Main St. Ukafunsa chaka chimene munthu anabadwa, kawirikawiri umapezeratu yankho lake: aliyense amasankha nyengo imene iye anali mnyamata.

Wachiwiri ndi wa nyimbo zoyimba pa shoo. Amene aonera bandiyi kambirimbiri amafuna nyimbo zosowa, pamene wobwera koyamba amafuna zotchuka zija. Mu 2021 bandi inasiya kuyimba Brown Sugar, nyimbo ya 1971 yokamba za ukapolo ndi akazi akuda m'njira imene ambiri amaiona kuti ndi yonyoza. Ena anati zachedwa, ena anati bandi yachita mantha.

Wachitatu ndi wa ndalama. Ulendo wa A Bigger Bang, wa 2005 mpaka 2007, unabweretsa madola oposa 550 miliyoni. Pokondwerera zaka 50 mu 2012, matikiti ena a ku O2 Arena ku London anaposa mapaundi 300. Mu Julayi 2013 anabwerera ku Hyde Park, pamalo pomwe anayimba mwaulere mu 1969, koma tsopano polowa panali polipira. Ena amene anakhala pa udzu umenewo ali ndi zaka 18 anabweranso ali ndi zaka 62, atanyamula ana ndi adzukulu. Anadandaula za mtengo, komabe matikiti anatha. Ngakhale m'bandi momwemo nkhani yotere inalipo: Jagger atalandira ulemu wa Sir mu 2003, Richards ananena poyera kuti zimenezo sizigwirizana ndi chimene bandiyi inkaimira.

Mpando wa Charlie Watts

Mkangano wovuta kuposa yonse unabwera pa 24 Ogasiti 2021, pamene Charlie Watts anamwalira ali ndi zaka 80. Anali munthu wofatsa, wokonda jazz ndi masuti osokedwa bwino, ndipo anakhala ndi mkazi mmodzi kuyambira 1964. M'mashoo, Jagger akamatchula mayina a anzake, Watts ndiye kawirikawiri ankaomberedwa m'manja nthawi yaitali. Patangotha mwezi, pa 26 Sepitembala, bandi inayamba ulendo ku St. Louis, Steve Jordan ali pa ng'oma. Shoo inayamba nsanja ili yopanda munthu, makanema akuluakulu akuonetsa Watts akuimba ng'oma.

Ena anati popanda Watts palibenso Stones, ndipo kunali bwino kulekera pomwepo. Ena anati Jones anapita, Stewart anapita, Wyman anachoka mu 1993, koma gule anapitirira. Funsoli ife a mbiri timalidziwa: ufumu ukasintha mafumu ndi malire, kodi ukadali ufumu womwewo? Mwa amene anayimba ku Marquee Club mu 1962, amene anatsala m'bandi ndi awiri okha, Jagger ndi Richards. Mu Okutobala 2023 anatulutsa Hackney Diamonds, chimbale choyamba cha nyimbo zawo zatsopano chichokereni 2005, ndipo mu nyimbo ziwiri mukumveka ng'oma zimene Watts anajambula asanamwalire. Ulendo wa 2024 ku America unathandizidwa ndi AARP, bungwe loimira anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo. Anthu anaseka, koma kunali kunena zoona za amene akhala m'mipandomo.

Maganizo anga

Ine ndikuona kuti otsatira bandiyi anasintha chimene amakafuna ku shoo, ngakhale iwo eni sananene. Mu 1964 ankapita kukatsutsa akuluakulu. Mu 1990 ku Prague ankapita kukatsimikiza ufulu. M'zaka zaposachedwazi ambiri amapita kukaona ngati munthu wa msinkhu wawo angathebe kuima ndi kuvina. Mu Epulo 2019 Jagger anachitidwa opaleshoni ya mtima, ndipo pofika Juni anali atabwerera pansanja ali ndi zaka 75. Munthu wa zaka 70 amene ali m'khamu akamuona akuthamanga, saona woyimba yekha, amadzionanso yekha. Nchifukwa chake mawu oti "mwina kano nkomaliza" sakalamba. Poyamba ankanena za bandi, koma tsopano ambiri akunenanso za iwo eni.

Kwa anzanga ophunzitsa mbiri, apa pali ntchito yosavuta yopatsa ana. Atumeni akafunse munthu wachikulire kwawo za shoo kapena gule amene sadzamuiwala: kunali kuti, chaka chiti, analipira zingati, anapita ndi yani, ndipo pobwerako anamva bwanji. Kenaka ayerekeze mayankhowo ndi zimene zinkachitika m'dziko chaka chimenecho. Madeti a Stones aliyense angawapeze pa intaneti. Zimene zinali mu mtima mwa amene anaima pansi pa nsanja zimapita ndi eni ake ngati palibe wowafunsa.

Inu a mayeso a MSCE musaiwale mabuku.