Khoma la anthu asanu: mbiri ya momwe limagumukira mu NFL

Mu mpira wa ku America muli osewera asanu amene wolengeza masewera sawatchula kawirikawiri pokhapokha akalakwitsa. Sagoletsa, malamulo sawalola kuwakha mpira woponyedwa kutsogolo, ndipo ena amasewera zaka khumi osathamangapo ndi mpira m'manja. Ntchito yawo ndi kuima phewa ndi phewa kutsogolo kwa woponya mpira, amene amatchedwa quarterback, kuti apeze mpata wosankha womuponyera. Mpatawo ndi wa masekondi awiri ndi theka kapena atatu basi. Adani akamugwetsa asanaponye, chimenecho amachitcha sack, ndipo nthawi yomweyo kamera imasakasaka nkhope ya mmodzi mwa asanu aja kuti dziko lione wolakwa.

Ine ndimaona kuti kamerayo imathamangira kuweruza. Ndikayang'ana mbiri ya ligi ya NFL, khoma limeneli limagumuka m'njira zitatu: munthu akapatsidwa mdani wosayenerana naye, asanuwo akasokonezeka powerenga adani, ndiponso mabwana a timu akalephera kukonzekera tsiku la tsoka. Pa njira zitatu zonsezi, vuto limakhala litabadwa kale mpira usanayambe kuyenda.

Kwa amene masewerawa ndi achilendo, timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi khumi, omwe ndi pafupifupi mamita 9. Pakati pa khoma pamaima center, amene amayambitsa masewera popereka mpira kudzera pakati pa miyendo yake. M'mbali mwake muli ma guard awiri, ndipo kumapeto kwa khoma, kumanzere ndi kumanja, kuli ma tackle awiri. Masiku ano ambiri mwa amuna amenewa amalemera makilogalamu oposa 135, koma pofuna kuteteza woponya amayenda chobwerera m'mbuyo pamene mdani akubwera ndi liwiro lonse.

Kalelo vuto limeneli kunalibe chifukwa kuponya mpira kutsogolo kunali koletsedwa. Osewera ankangounjikana n'kumakankhana, ndipo mu 1905 anthu osachepera 18 anamwalira ndi masewerawa. Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitanitsa akuluakulu a mayunivesite a Harvard, Yale ndi Princeton kuti akonze zinthu, ndipo mu 1906 malamulo atsopano analola kuponya kutsogolo pofuna kumwaza osewera m'bwalo. NFL, imene inayamba mu 1920 ku Canton m'chigawo cha Ohio, inamasula lamuloli mu 1933 polola kuponya kuchokera paliponse kumbuyo kwa mzere woyambira. Apa m'pamene panabadwira munthu woima chilili, maso ali kutali, thupi lili poyera. Ambiri amati Paul Brown, mphunzitsi wa Cleveland Browns m'zaka za m'ma 1940, ndiye anakhazikitsa zoti khoma lizipindika ngati chikho kuzungulira woponya wake Otto Graham. Kuyambira pamenepo, mbali yosaka quarterback yakhala ikufufuza pamene chikhocho chili ndi mng'alu.

Poyamba malamulo ankakomera osaka. Deacon Jones wa Los Angeles Rams, amene anatchukitsa mawu oti sack m'zaka za m'ma 1960, ankamenya tackle khofi pachisoti kuti aphethire, iye n'kudutsa. Pa nthawiyo a pakhoma sankaloledwa kutambasula manja. Ankatchinga ndi zigongono, zibakera zili pachifuwa. Ligi inaletsa khofi uja mu 1977, ndipo mu 1978 inalola a pakhoma kutambasula mikono ndi kutsegula zikhatho. Eni matimu ankafuna mapointi ambiri chifukwa ndi amene amakoka oonera pa wailesi ya kanema. Matimu anayamba kuponya kwambiri, ndipo woponya akamaponya kwambiri ndiye kuti akuimanso poyera kwambiri.

Kenako kunabwera Lawrence Taylor, amene New York Giants inamutenga mu 1981. Iye ankasewera malo otchedwa linebacker, kumbuyo pang'ono kwa mzere woyamba wa osaka. Mwa chizolowezi cha nthawiyo, linebacker akathamangira woponya, womutchinga ankakhala running back, wosewera wocheperako thupi amene ntchito yake yeniyeni ndi kuthamanga ndi mpira. Pamapepala a aphunzitsi masamu ankakwana, mdani aliyense ali ndi womutchinga. M'bwalo zinali ngati kutuma mwana kuti akaimitse ng'ombe yolusa. Taylor ankakondanso kubwera kuchokera kumanzere kwa khoma, mbali imene woponya wogwiritsa dzanja lamanja amaifulatira, kotero kuti amagundidwa asanaone chomwe chamugunda.

Aphunzitsi anzeru sanakalipire running back, anasintha dongosolo. Pa masewera a ndime yochotsana mu Januwale 1982, Bill Walsh wa San Francisco 49ers anauza guard wake John Ayers kuti azichoka pamalo pake n'kukakumana ndi Taylor, ndipo anapambana 38-24. Joe Gibbs wa Washington anachotsa running back mmodzi n'kuikapo wotchinga wina wathupi. Chaka chomwecho cha 1982 ligi inayamba kulemba ma sack m'kaundula wake, ndipo mu 1986 Taylor anagwetsa oponya maulendo 20.5 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi.

Usiku wa pa 18 Novembala 1985 ndi umene anthu saiwala. Washington inkasewera ndi Giants pa bwalo la RFK, dziko lonse la America likuonera. Tackle wa kumanzere wodalirika, Joe Jacoby, anali kunja atavulala. Washington inayesa kachinyengo: Joe Theismann anapereka mpira kwa John Riggins, amene anamubwezera kuti aponye. Kachinyengo kotere kamafuna nthawi, ndipo Giants sinapusitsike. Taylor anagwera Theismann ndipo mafupa awiri a mwendo wake wakumanja anathyoka. Taylor yemweyo ndiye anadzuka n'kumakodola madokotala mwamantha. Theismann, wa zaka 36, sanasewerenso. Buku la Michael Lewis la mu 2006, The Blind Side, linafotokoza momwe nyengo ya Taylor inasandutsira tackle wa kumanzere kukhala mmodzi mwa olandira ndalama zambiri pa timu.

Njira yachiwiri ndi ya masamu. Mpira usanayambe, center kapena woponya amaloza mdani mmodzi wapakati, ndipo kuchokera pa ameneyo aliyense amawerenga kuti adziwe wake. Wina akawerenga mosiyana ndi anzake, awiri amatchinga munthu mmodzi pamene wina akudutsa mosagundidwa. Buddy Ryan, amene ankaphunzitsa osaka a Chicago Bears, anamanga dongosolo lake lotchedwa 46 pa mfundo imeneyi. Ankaika adani atatu maso ndi maso ndi center ndi ma guard onse awiri kuti pasapezeke wothandiza mnzake, kenako n'kutumiza enanso kuchokera m'mbali. Mu 1984 Bears inagwetsa oponya maulendo 72, chiwerengero chimene timu ina sinachipitirirebe. Pa Super Bowl ya mu Januwale 1986 inakwapula New England Patriots 46-10, ndipo woponya wa Patriots, Tony Eason, anatulutsidwa asanafikitse mpira ngakhale umodzi m'manja mwa mnzake.

Dick LeBeau, ali ku Cincinnati m'zaka za m'ma 1980 ndipo kenako ku Pittsburgh, anapeza kuti sipafunika kutumiza anthu ambiri ngati ungathe kunamiza owerenga. Mu dongosolo lake lotchedwa zone blitz, chimphona chimene aliyense akuyembekeza kuti chibwera chimabwerera m'mbuyo kukatchinga njira ya mpira, pamene awiri kapena atatu akutulukira mbali ina. Tackle wolandira mamiliyoni amatsala akutchinga mphepo, uku mbali inayo anthu awiri akulimbana ndi atatu. Palinso kachenjerero kakale koti osaka awiri oyandikana asinthane njira mopingasa. Guard ndi tackle amayenera kupatsirana adaniwo m'kuphethira kwa diso, popanda kulankhula, m'bwalo limene phokoso la ochemerera limameza mawu. Zimenezi zimatheka kwa anthu okhawo amene asewera limodzi nthawi yaitali.

Kunena chilungamo, woponya nayenso ali ndi gawo lake. Bears ya 1985 inagonja kamodzi kokha, kwa Miami Dolphins pa 2 Disembala, ndi mapointi 38-24. Dan Marino ankatulutsa mpira mwachangu kotero kuti osaka ochuluka aja ankafika mochedwa, ndipo kumbuyo kwawo kunkatsala malo opanda mlonda. Mu 1988 Marino anagwetsedwa maulendo 6 okha chaka chonse. Khoma lomwelo lingaoneke lolimba ndi woponya wosankha msanga, n'kuoneka lofooka ndi wozengereza. Ichinso ndi chifukwa china chosathamangira kuloza chala amuna asanu aja.

Njira yachitatu imayambira m'maofesi. Mu 1993 osewera anapeza ufulu wosamukira ku timu ina kontrakiti ikatha, ndipo mu 1994 ligi inaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Ufuluwo unali woyenera, koma zotsatira zake n'zakuti kusunga anthu asanu omwewo kwa zaka zambiri kunakhala kovuta. Mgwirizano wa ligi ndi bungwe la osewera wa mu 2011 unachepetsanso zokonzekera zogundana zenizeni kufika pa 14 m'nyengo yonse ya ligi, pofuna kuteteza matupi. Cholingacho ndi chabwino, koma khoma limaphunzira kumvana pogundana. Timu yatsopano ya Houston Texans inaonetsa mu 2002 zimene zimachitika ukagula woponya usanamange khoma. Inatenga David Carr ngati wosewera woyamba kusankhidwa chaka chimenecho, ikudalira tackle Tony Boselli, amene sanasewereko ngakhale kamodzi chifukwa cha vuto la phewa. Carr anagwetsedwa maulendo 76 m'chaka chimodzi, chiwerengero chachikulu koposa m'mbiri ya ligi.

Kansas City Chiefs ndi phunziro lathunthu. Pa Super Bowl ya pa 7 Febuluwale 2021 inalibe ma tackle ake onse awiri, Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz, amene anali atavulala. Pofuna kutseka mipatayo, aphunzitsi anasuntha Mike Remmers kuchoka kumanja kupita kumanzere ndi Andrew Wylie kuchoka pa guard kupita pa tackle, ndiye mpata umodzi unabala ina. Tampa Bay Buccaneers sinavutike n'kutumiza anthu owonjezera. Patrick Mahomes, woponya waluso koposa wa m'badwo wake, anathera usiku wonse akuthawa, ndipo Chiefs inagonja 31-9. Mabwana anamva. Nyengo yotsatira inayamba ndi khoma la anthu asanu atsopano, ndipo mu Febuluwale 2023 Chiefs inagonjetsa Philadelphia Eagles 38-35 popanda Mahomes kugwetsedwa ngakhale kamodzi, chonsecho Eagles inali itagwetsa oponya maulendo 70 m'nyengo imeneyo. Koma madzi saiwala khwawa. Pofika pa 9 Febuluwale 2025 malo a tackle wa kumanzere anali atavutanso, ndipo guard Joe Thuney ndiye anakankhidwira kumeneko. Eagles yomweyo inagwetsa Mahomes maulendo 6 potumiza anthu anayi okha, n'kupambana 40-22.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa olipira zolakwa zimenezi amalipira ndi matupi awo. Andrew Luck wa Indianapolis Colts, atagundidwa zaka zambiri mpaka kung'ambika impso mu 2015, anasiya mpira mu Ogasiti 2019 ali ndi zaka 29 zokha, ndipo ochemerera ena a timu yake anamukuwiza akutuluka m'bwalo. A pakhoma nawo amagundana mitu pafupifupi nthawi iliyonse mpira ukayamba. Mike Webster, center amene anapambana Super Bowl kanayi ndi Pittsburgh Steelers, anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 50, atavutika ndi kusokonezeka maganizo mpaka kumagona m'galimoto. Dokotala Bennet Omalu, wobadwira ku Nigeria, atapima ubongo wake anapeza matenda amene tsopano amadziwika kuti CTE.

Ndiye mukadzaona quarterback ali pansi, kamera ikuonetsa chimphona chitazolika, dzifunseni mafunso angapo musanachiweruze. Kodi anamupatsa mdani wotani? Kodi wakhala masabata angati pafupi ndi mnzake wa m'mbaliyo? Kodi malo amene waimawo ndi ake, kapena wangokankhidwirapo chifukwa timu sinasunge wina wodziwa ntchitoyo? Mayankho ake nthawi zambiri amakutengerani kwa anthu ovala masuti amene akuonera masewerawo ali m'chipinda cha magalasi pamwamba pa bwalo.