Njira Imene Nkhani Zopeka za m'Cinyanja Zinafikira Owerenga, 1933-1991

Pofufuza mbiri ya nkhani zopeka za m'Cinyanja, ambiri a ife timathamangira kwa olemba, n'kuiwala kufunsa kuti bukulo linkafika bwanji m'manja mwa wowerenga. Ife tikuona kuti kuyambira paciyambi, nkhani zimenezi zinaleredwa ndi mishoni, boma ndi sukulu, ndipo wogulitsa mabuku woima payekha sanapatsidwe malo m'nchitoyi.

Tiyambire pa Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma m'dziko la Nyasaland. Linatuluka m'caka ca 1933 litapambana pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Codabwitsa n'cakuti linapambana ngati mbiri ya moyo wa munthu, cikhalireco Nthondo ndi munthu wopeka. Analisindikiza ndi amishoni, ndipo linayenda m'njira za amishoni zomwezo, monga m'masukulu ndi m'nyumba zao zogulitsiramo Baibulo ndi mabuku a nyimbo. Ici cikutithandiza kumvetsa cifukwa cace nkhaniyo imathera pa kutembenuka mtima kwa mwini nkhani.

Kuno kwathu, boma la atsamunda linakhazikitsa African Literature Committee mu 1937, ndipo mu 1948 nchitoyo inapita m'manja mwa Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, imene likulu lace linali ku Lusaka. Bungweli linkalandira zolemba za anthu akuda, kuzikonza, ndi kuzipereka kwa makampani a ku Britain monga Macmillan ndi Longmans kuti azisindikize. Ubwino wace sitingaukane. Cinyanja cinali ndi msika umodzi wa maiko awiri, kotero kuti mwana wa ku Fort Jameson ndi mnzace wa ku Dedza ankawerenga mabuku amodzimodzi, monga a E.W. Chafulumira ndi a John Gwengwe. Koma wogula weniweni anali sukulu. Wolemba ankadziwa kuti nkhani yace iyenera kukhala yaifupi, yolangiza, ndiponso yosakhumudwitsa woyendera masukulu.

Msika umodziwo sunakhalitse. Bungwe la maiko awiri lija linagawanika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Mu 1966 lamulo la maphunziro m'Zambia linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira m'Giredi 1, ndipo Cinyanja cinatsala ngati phunziro cabe. Mu 1968 dziko la Malawi linasintha dzina la cineneroci kukhala Chichewa, ndipo kalembedwe ka mbali ziwirizi kanayamba kutalikirana: iwo "ch", ife "c", monga anatsimikizira malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro unatulutsa mu 1977. Kusiyana kwa lemba limodzi n'kocepa kwa munthu wamkulu, koma kwa mphunzitsi wokonzekeretsa ana mayeso n'cifukwa cokwanira cokanira buku la kutsidya kwa malire.

M'zaka zomwezo boma linatenga nchito yonse ya mabuku a sukulu. Kenneth Kaunda Foundation inabadwa mu 1966, ndipo pansi pace panali NECZAM yosindikiza ndi NEDCOZ yogawa. Colinga cinali cabwino, ca kucotsa nchitoyi m'manja mwa makampani akunja, ndipo mabuku monga Zomfula Mkazi Wacimasomaso la Jacob Zulu ndi Fumbi Khoboo! la Julius Chongo anawerengedwa kwambiri m'nyengoyi. Komabe pamene NEDCOZ inkapereka mabuku mwacindunji kumasukulu, sitolo ya mabuku ya munthu wamba inalandidwa malonda okhawo amene akanailipirira lendi ndi kuilola kusunga nkhani zopeka pa alumali. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zogulira mapepala ndi inki zinasowa, ndipo mabuku ambiri atatha sanasindikizidwenso.

Tisanene kuti anthu analibe njala ya nkhani. Chongo yemweyo ankasonkhanitsa mabanja athunthu pa wailesi ndi pulogalamu yace ya Poceza m'Madzulo, imene Ernst Wendland anaifufuza mozama. Omvera analipo, ndipo wailesi inkawapeza pakhomo. Buku linalibe womuperekeza kufika pakhomopo.

Boma litasintha mu 1991, msika wa mabuku unatsegulidwa kwa onse, ndipo nchito za Kenneth Kaunda Foundation zinapitirira pa dzina la Zambia Educational Publishing House. Osindikiza atsopano anathamangira mabuku a silabasi, kumene kunali ndalama, ndipo nkhani yopeka ya m'Cinyanja inkasindikizidwa makamaka ikasankhidwa kukhala buku la mayeso.