Kulira kwa M'makutu

Kulira kwa m'makutu, kumene madokotala amati tinnitus, ndi kumva phokoso pomwe palibe chimene chikulira. Ambiri amati limamveka ngati nyenje. Kafukufuku amene anatuluka mu 2022 m'magazini ya JAMA Neurology anapeza kuti akuluakulu oposa 740 miliyoni padziko lonse ali ndi vutoli.

Kawirikawiri limayambira m'khutu, koma limakhazikika mu ubongo. M'katikati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi, timene timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikawonongeka ndi phokoso la chigayo, ukalamba kapena mankhwala ena, sitimeranso. Uthenga ukachepa, ubongo umawonjezera tcheru mpaka maselo ake amayamba kutumizirana uthenga okha, ndipo munthu amamva kulira. N'chifukwa chake odwala ena amene anadulidwa mtsempha wa khutu pa opaleshoni amamvabe phokosolo. Mu 1990, katswiri wa kafukufuku Pawel Jastreboff anafotokoza kuti mbali za ubongo zokhudza mantha ndi nkhawa ndi zimene zimachititsa phokosoli kusowetsa munthu mtendere ndi tulo. Amene akudandaula nalo sakukokomeza ayi.

Za kumtundu nazonso zilipo. Kafukufuku wa mapasa wa ku Sweden, wa mu 2017, anasonyeza kuti kulira kwa makutu onse awiri kumatsata magazi, makamaka mwa amuna, kuposa kwa khutu limodzi.

Kwinini ndi aspirin wochuluka amalizanso makutu, koma nthawi zambiri kulirako kumaleka mankhwala akatha. Kulira kwa khutu limodzi lokha, kapena kogunda motsatira mtima, n'kofunika kupita nako kuchipatala msanga.