Yosefe wa ku Nazarete: Bambo Wolera Yesu

Yosefe wa ku Nazarete anali mwamuna wa Mariya, ndipo ndi iye amene analera Yesu Khristu kuyambira ukhanda. Anali mmisiri, wa ku banja la mfumu Davide, ndipo anakhala m'masiku amene dziko la Ayuda linali m'manja mwa Aroma. Mbiri yake ili m'mitu iwiri yoyamba ya Mateyu ndi iwiri yoyamba ya Luka, kuwonjezera pa malo angapo pomwe anthu ankatchula Yesu kuti mwana wa Yosefe. Marko ndi Paulo samutchula dzina n'komwe.

M'Baibulo lonse mulibe mawu otuluka pakamwa pake. Zekariya anayamika Mulungu mokweza, Mariya anafunsa mngelo funso, Simeoni anadalitsa banjalo m'Kachisi, koma Yosefe sanalembedwe kuti ananenapo kanthu. Choncho alaliki ofuna kuphunzitsa khalidwe la bambo kudzera mwa iye amatsata mapazi ake: kumene anapita, zimene ananyamula ndi zimene anasankha kusachita.

Mimba imene sanaiyembekezere

Pakati pa Ayuda chitomero chinali chomanga. Mtsikana wotomeredwa ankakhalabe kwa makolo ake, nthawi zambiri kwa chaka, koma pamaso pa lamulo anali kale mkazi wa mwini, ndipo kuti chitomero chithe pankafunika kalata yachisudzulo. Ndi m'nyengo imeneyi pamene Mariya anapezeka ali ndi pakati, awiriwo asanalowane.

Yosefe anali ndi mphamvu zonse zotengera nkhaniyo kubwalo. Mutu 22 wa Deuteronomo unkalamula kuti wotomeredwa wopezeka ndi mlandu wa chigololo aponyedwe miyala, ndipo ngakhale chilangocho chikanapanda kuperekedwa, m'mudzi waung'ono ngati Nazarete dzina la Mariya likanathera pomwepo. Mateyu akuti Yosefe anali wolungama ndipo sanafune kumuchititsa manyazi pagulu, motero anaganiza zomuleka m'seri. Maganizo amenewa anali nawo mngelo asanamuuze kalikonse, akadali ndi chifukwa chokhulupirira kuti walakwiridwa. Apa ndi pamene pamachokera phunziro loyamba limene mipingo imatola: munthu angathe kutsata lamulo popanda kuvula mnzake pagulu.

Atalota mngelo akumuuza kuti mwanayo ndi wa Mzimu Woyera, anadzuka n'kumutenga Mariya kupita naye kwawo.

Kutchula dzina

Mngeloyo anamupatsanso ntchito yotchula mwanayo dzina. Sinali ntchito yachibwana. Mwamuna akatchula mwana dzina ankakhala kuti wamuvomereza pamaso pa anthu kuti ndi wake, ndipo mwanayo ankalowa mu mzere wa makolo a mwamunayo. N'chifukwa chake Mateyu ndi Luka onse amalondola mzere wa Yesu kufika kwa Davide kudzera mwa Yosefe, ngakhale mayina ake amasiyana: Mateyu akuti bambo ake a Yosefe anali Yakobo, Luka akutchula Heli.

Anthu a ku Galileya ankamudziwa Yesu ngati mwana wa mmisiri uja, ndipo ngakhale Mariya, polankhula ndi Yesu m'Kachisi, anamutchula Yosefe kuti ndi bambo ake. Nkhaniyi imafika pamtima makamaka m'mabanja momwe muli ana owapeza kapena amasiye oleredwa ndi amalume ndi agogo, chifukwa ikuonetsa ubambo wokhazikika pa kulera ndi kusenza udindo.

Nkhunda ziwiri

Luka akufotokoza za ulendo wa kalembera wochokera ku Nazarete kupita ku Betelehemu, mtunda woposa makilomita 100, Mariya ali wotopa. Mwana atabadwa anamudula pa tsiku la 8, ndipo atakwana masiku 40 makolowo anapita naye ku Kachisi ku Yerusalemu.

Chimene Yosefe ananyamula tsikulo chikuulula thumba lake. Mutu 12 wa Levitiko unkafuna kuti mayi wobereka apereke mwana wankhosa wa chaka chimodzi pamodzi ndi nkhunda kapena njiwa. Wosakwanitsa nkhosa ankaloledwa kubweretsa mbalame ziwiri basi. Yosefe ndi Mariya anabwera ndi mbalame ziwiri. Aliyense amene anawaona pabwalo la Kachisi, mwana m'manja, mbalame pambali, anadziwiratu kuti awa ndi osauka. Komabe mwambo uliwonse wa chilamulo anaukwaniritsa, ndipo Luka akuwonjeza kuti ankapita ku Yerusalemu chaka ndi chaka pa Paskha.

Kuthawa usiku

Mateyu analemba maloto 4 a Yosefe, ndipo atatu mwa iwo akukhudza kupulumutsa mwana. Anzeru a kum'mawa atachoka, Yosefe anachenjezedwa m'loto kuti mfumu Herode akufuna kupha mwanayo. Sanadikire kuti kuche. Anadzuka usiku womwewo, kutenga mwana ndi mayi ake, ulendo wa ku Ejipito. Dzikolo linali pansi pa Aroma kuyambira chaka cha 30 BC, koma dzanja la Herode silinkafikako, komanso kunali Ayuda ambiri, makamaka mumzinda wa Alexandria. Banjalo linakhala kumeneko ngati othawa kwawo mpaka Herode atamwalira, zomwe akatswiri ambiri a mbiri amati zinachitika mu 4 BC.

Pobwerera, Yosefe anamva kuti Yudeya akulamulidwa ndi Arikelao, mwana wa Herode, ndipo anachita mantha. Mantha akewo anali ndi maziko. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus akuti Arikelao atangotenga mpando, asilikali ake anapha anthu pafupifupi 3,000 ku Yerusalemu nthawi ya Paskha, ndipo mu AD 6 Aroma eni ake anamuchotsa. Yosefe analambalala Yudeya n'kukakhazikika ku Nazarete, m'chigawo cha Galileya. Mateyu akusonyeza kuti manthawo ndiwo anayamba, loto lomuchenjeza linabwera pambuyo. Aphunzitsi a Baibulo amatengapo mfundo yoti kumvera Mulungu kumayendera limodzi ndi kutchera khutu ku zimene zikuchitika m'dziko.

Ntchito ya manja

Mabaibulo ambiri amamutchula Yosefe kuti mmisiri wa matabwa, ngakhale akatswiri amati mmisiri wotere ankagwiranso ntchito zomanga. Ku Galileya kalipentala ankapanga zitseko, mafelemu, mitanda ya denga ndi zipangizo zaulimi. Justin Martyr, mlembi wachikhristu wa m'zaka za m'ma 100 AD, analemba kuti Yesu ankapanga mapulawo ndi magoli a ng'ombe. Goli limafuna mmisiri woleza mtima, wolisema ndi kulisalaza mpaka likhale bwino pakhosi, apo ayi ng'ombe imatupa n'kukana kukoka. Makilomita pafupifupi 6 kuchokera ku Nazarete kunali mzinda wa Sepphoris, umene Herode Antipa, mwana wina wa Herode, ankaumanganso m'zaka zomwezo, ndipo ena amaganiza kuti amisiri a m'midzi yozungulira ankapeza maganyu kumeneko. Marko akutchula Yesu mwiniyo kuti mmisiri, chizindikiro choti Yosefe anamusiyira mwana luso lodyera.

Yosefe akuonekera komaliza Yesu ali ndi zaka 12. Pobwerera ku Paskha makolowo anayenda tsiku lathunthu poganiza kuti mwana ali ndi abale m'gulu la apaulendo, ndipo anamupeza patapita masiku atatu, ali pakati pa aphunzitsi m'Kachisi. Yesu atayankha kuti anayenera kukhala pa za Atate ake, Luka akuti makolowo sanamvetse. Anabwerera naye ku Nazarete n'kupitiriza kumulera. Paukwati wa ku Kana Yosefe satchulidwa, ndipo pamtanda Yesu anapereka mayi ake m'manja mwa wophunzira, n'chifukwa chake ambiri amakhulupirira kuti anamwalira Yesu asanayambe kulalikira.

Mmene mipingo imamukumbukirira

Zithunzi zambiri zakale zimamuonetsa ali nkhalamba ya imvi. Maganizowa anachokera m'buku la m'zaka za m'ma 100 AD lotchedwa Protevangelium of James, losapezeka m'Baibulo, limene limati anali wamasiye wokhala kale ndi ana. Mpingo wa Orthodox umatsata zimenezi ponena za abale a Yesu, Yakobo, Yose, Yuda ndi Simoni. Akatolika, potsatira Jerome, amati anali achibale chabe, pomwe Apulotesitanti ambiri amati anali ana a Yosefe ndi Mariya.

Mpingo wa Katolika umakumbukira Yosefe Woyera pa 19 Malichi, tsiku limene ku Italy, Spain ndi Portugal ndi la abambo. Mu 1870 Papa Pius IX anamulengeza kukhala nkhoswe ya mpingo wonse, ndipo mu 1955 Papa Pius XII anaika chikondwerero cha Yosefe Mmisiri pa 1 Meyi, tsiku la anthu ogwira ntchito. Papa Francis, amene anayamba udindo wake pa 19 Malichi 2013, anatulutsa kalata ya Patris Corde pa 8 Disembala 2020 ndi kutsegula chaka chomukumbukira. Ku Canada, tchalitchi chachikulu cha Saint Joseph's Oratory mumzinda wa Montreal chimalandira amwendamnjira ochuluka chaka chilichonse. Kuno ku Malawi dzina lake lili pa maparishi ndi masukulu, komanso pa chipatala cha St Joseph's ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, pomwe palinso sukulu yophunzitsa anamwino ndi azamba.