Ubwino wa mkaka wa mbuzi

Ubwino wa mkaka wa mbuzi umayezedwa poona kuchuluka kwa mafuta ndi mapuloteni, kakomedwe, fungo komanso ukhondo wake. Chakudya ndi kasamalidwe ka mbuzi zimathandiza, koma zinthu ziwiri zimene zimasintha mkaka kwambiri ndi mtundu wa mbuziyo ndi thanzi la bere lake.

Mtundu wa mbuzi

Kawirikawiri mbuzi yotulutsa mkaka wambiri imatulutsa mkaka wamadzimadzi. Saanen, mbuzi yoyera yochokera ku Switzerland, imatha kukamidwa malita atatu kapena kuposa patsiku, koma mafuta a mkaka wake amangofika pa 3 kapena 3.5 peresenti. Anglo-Nubian, ya makutu aatali olendewera, imene inapangidwa ku Britain m'zaka za m'ma 1800, imapereka mkaka wocheperako koma wa mafuta 4 mpaka 5 peresenti. Nigerian Dwarf ndi yaing'ono, komabe mkaka wake umaposa 6 peresenti. Mbuzi zamakolo za ku Malawi, monganso Boer ya ku South Africa, zimawetedwa makamaka chifukwa cha nyama, ndipo mkaka wake nthawi zambiri umangokwanira ana ake.

Opanga tchizi amayang'ananso puloteni yotchedwa alpha-s1 casein. Kuchuluka kwake kumayendera chibadwa. Ikachuluka mkaka umaundana bwino ndipo tchizi amatuluka wambiri. Mbuzi zambiri za ku Norway zinali ndi chibadwa chosatulutsa puloteniyi mokwanira, ndipo mkaka wake unkadziwika ndi kakomedwe kowawasa.

Thanzi la bere

Vuto lalikulu ndi mastitis, kutupa kwa bere kobwera ndi mabakiteriya olowera pa nkhumbu, makamaka a gulu la Staphylococcus. Matendawa akakula, bere limatentha ndi kuuma, mbuzi imakana kukamidwa, ndipo mkaka umatuluka ndi zibuma, mafinya kapena magazi. Staphylococcus aureus amatha kuwoletsa mbali imodzi ya bere mpaka kuda, ndipo mbuziyo ikhoza kufa.

Wofala kwambiri ndi mastitis wobisika. Bere limaoneka labwino, mkaka woyera, koma shuga wa mumkaka amachepa ndipo mchere umachuluka. Mkaka wotere umakoma mchere, suchedwa kuwonongeka, ndipo suundana bwino. Mlimi amangoona kuti mbuzi yachepetsa mkaka, n'kumaganiza kuti vuto ndi msipu. Palinso kachilombo ka CAE, kamene kamaumitsa bere ndi kutupitsa mawondo. Kameneka kalibe mankhwala, ndipo kamapatsira ana kudzera mu mkaka wa mayi.

Poyeza mastitis wobisika amawerenga maselo opezeka mumkaka, kapena amagwiritsa ntchito California Mastitis Test, mankhwala amene amatelereretsa mkaka wa maselo ambiri. Apa mbuzi imasiyana ndi ng'ombe. Mkaka wa mbuzi yathanzi umakhala ndi tizidutswa ta maselo tambiri mwachibadwa, ndipo chiwerengerocho chimakwera mbuzi ikamakalamba kapena ikatsala pang'ono kuleka kuyamwitsa. Kuweruza mbuzi ndi muyezo wa ng'ombe kungataitse mkaka wabwinobwino. N'chifukwa chake ku United States malire a mkaka wa mbuzi ndi maselo 1,500,000 pa mililita, pamene a ng'ombe ndi 750,000.

Kakamidwe ndi chitetezo

Mabakiteriya ambiri amafalitsidwa ndi manja a wokama ndi nsalu imodzi yopukutira mbuzi zonse. Wokama ayenera kusamba m'manja, kutsuka ndi kuumitsa bere, kukamira mkaka woyamba m'kapu yakuda kuti aone ngati muli zibuma, ndi kumalizira mbuzi yodwala. Zilonda za minga ndi nkhupakupa pa nkhumbu ndi khomo la matenda. Tonde asakhale pafupi ndi pokamira, chifukwa fungo limene ambiri amanyozera mkaka wa mbuzi nthawi zambiri limachokera kwa iye kapena ku mkaka wochedwa kuziziritsidwa.

Mkaka wa mbuzi imene ikulandira maantibayotiki sayenera kumwedwa kapena kugulitsidwa mpaka masiku olembedwa pa botolo atatha. Mankhwala otsalira amaphanso mabakiteriya opangira chambiko ndi yogati. Mkaka wosawiritsa ukhoza kupatsira anthu brucellosis, monga Themistocles Zammit anapezera pa mbuzi za ku Malta mu 1905, ndipo kuwiritsa kumapha mabakiteriya ake.