Kusiya nchito nthawi yoyesedwa itatha popanda kalata yotsimikiza: zimene lamulo likunena

M'dera la Mkaika ku Katete, ndiponso m'maboma a Sinda ndi Vubwi, anthu ambiri amene amalembedwa nchito m'masitolo, m'nyumba za alendo, pamalo omwetsera mafuta ndi m'masukulu a anthu wamba amayamba ndi nthawi yoyesedwa. Kawirikawiri miyezi imeneyi imatha, wanchito n'kupitiriza kugwira osalandira kalata iliyonse. Vuto limabuka pamene iye wapeza nchito ina ndipo afuna kucoka: kodi akali woyesedwa, kapena ndi wanchito wokhazikika?

Lamulo limene likuyankha funsoli ndi Employment Code Act nambala 3 la caka ca 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nchito la mu 1965. Limakhudza anchito a m'dziko lonse la Zambia, kupatula asilikali, apolisi, oyang'anira ndende ndi a zacitetezo ca cinsinsi.

Nthawi yoyesedwa

Gawo 27 la lamuloli likuti nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi itatu, ndipo ikhoza kuonjezedwa ndi miyezi ina yosapitirira itatu. M'nthawi imeneyi wolemba nchito ayenera kupenda kagwiridwe ka wanchito ndi kumuuza zimene wapeza. Akaona kuti sakuyenera, angathetse panganolo pomudziwitsa kutatsala maola 24. Nayenso wanchito ali ndi ufulu wocoka popereka cidziwitso ca maola 24.

Wolemba nchito akakhutira, ayenera kutsimikiza wanchitoyo m'kalata. Koma akakhala cete mpaka nthawi itatha, lamulo limamutenga wanchitoyo kukhala wotsimikizidwa kuyambira tsiku limene nthawi yoyesedwa inathera. Motero kusowa kwa kalata sikumusiya m'malere. Munthu amene analembedwa pa 1 Januwale ndi miyezi itatu yoyesedwa, ndipo nthawiyo sinaonjezedwe, pofika mu Epulo amakhala wokhazikika, kaya kalata ilipo kapena palibe.

Zotsatira zake pofuna kucoka

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Poganiza kuti akali oyesedwa, amatsazika lero n'kucoka mawa. Koma mwayi wa maola 24 umatha pamodzi ndi nthawi yoyesedwa. Wanchito wotsimikizidwa ayenera kutsata nthawi ya cidziwitso imene inalembedwa m'pangano lake, imene m'mapangano ambiri imakhala mwezi umodzi. Pamene pangano silinachule nthawi, gawo 53 likuika maola 24 pa pangano losapitirira mwezi umodzi, masiku 14 pa lopitirira mwezi koma losapitirira miyezi itatu, ndi masiku 30 pa lopitirira miyezi itatu. Pa pangano lopitirira miyezi isanu ndi umodzi, cidziwitsoco ciyenera kukhala colembedwa.

Wanchito akakana kugwira m'masiku a cidziwitso, wolemba nchito amaloledwa kudula ndalama za masikuwo pa malipiro ake omaliza. Kwa munthu amene amadalira malipiro a mwezi polipira nyumba ndi kugula feteleza, kutaya kotere n'kwakukulu.

Kutsimikizidwa kumatetezanso wanchito. Nthawi yoyesedwa ikatha, wolemba nchito sangamucotsenso ndi maola 24 ponena kuti walephera mayeso. Ayenera kupereka cifukwa comveka ndi cidziwitso cokwanira, kapena kulipira ndalama za masiku a cidziwitsowo.

Zoyenera kucita

Wofuna kusiya nchito awerenge kaye pangano lake ndi kuona tsiku limene nthawi yoyesedwa inathera. Alembe kalata yosiyira nchito yokhala ndi deti ndi tsiku lomaliza kugwira, ndipo asunge kope imene wolemba nchito wasaina. Pocoka ali ndi ufulu wolandira malipiro a masiku onse amene wagwira ndi cikalata cosonyeza nthawi imene anagwira pamalopo. Ndi bwinonso kufufuza ku NAPSA ngati zopereka zake zinali kutumizidwa.

Pakabuka mkangano, dandaulo lingaperekedwe kwa ofisala wa zanchito wa Unduna wa Zanchito, umene uli ndi ofesi ku Chipata. Nkhani ikakanika kumeneko, imapita ku nthambi ya Khoti Lalikulu yoona milandu ya anchito, kumene dandaulo liyenera kufika pasanathe masiku 90.